Mizere Iwiri Imene Ndinafufuta

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifunafuna, inandipeza yokha. Titamaliza maphunziro a zomangamanga ku koleji ina kumigodi, anzanga anagawidwa malo onona, ena m'makampani, ena ku Lusaka kumene nyumba zosanja zinkamera mwezi ndi mwezi. Ine anandiitanira mu ofesi. Bambo wina wa magalasi anayang'ana pepala langa n'kundifunsa kwathu. Nditatchula Zemba, anaseka. "Basi, munthu tamupeza. Ku Chadiza kuli kasukulu ka ntchito zamanja, aphunzitsi atatu akana kale. Iwe sungakane kwanu." Zinali zaka za chipani chimodzi, ndipo kalata ya boma sinkayankhidwa ndi mafunso. Unkangoipinda bwinobwino n'kuyamba kumanga katundu.

Kwathu ankanenako kunali kwathu kwa dzina chabe. Ndinachoka ku Zemba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi atamwalira, amalume n'kunditengera kumigodi. Ndinabwerera ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, Chichewa changa chitalowa Chibemba, moti ndikamagula tomato pamsika azimayi ankatsinana. Abale amene anatsala kumudzi anandilandira ngati bwana wochokera ku boma. Anandiyalira mpando, iwo n'kukhala pansi patali, nkhani n'kuthera pa moni. Ndinapitako kawiri, kachitatu ndinachita ulesi.

Kasukuluko kanali kunja pang'ono kwa boma: zipinda ziwiri zophunziriramo, kanyumba kosungiramo zida, ndi nyumba yanga kumapeto, pafupi ndi mtengo wa mango. Ophunzira anali khumi ndi asanu ndi mmodzi, ambiri a iwo akuluakulu kuposa ine, ena a ana anayi. Ndinkawaphunzitsa kumanga njerwa, kukhoma denga ndi kuwerenga pulani. Lachisanu lililonse kunali phunziro limene ndinkalikonda kuposa onse, la kudziteteza pantchito. Buku limene ndinabwera nalo linali ndi zithunzi za anthu ovala zipewa zolimba, malamba m'chiuno, ataima pa nsanja zachitsulo. Ha! Ife nsanja yathu inali ya mitengo ya bulugamu yomanga ndi luzi, ndipo njerwa zinkakwera pamwamba mochita kuponyerana, wina pansi wina pansanja, onse opanda nsapato. Ine ndiye kukuwa tsiku lonse. Samalani apo! Samalani mutu! Pasanathe mwezi anandipatsa dzina, a Samalani, ndipo ankaganiza kuti sindikulidziwa.

Belu la masana likalira, onse ankakwera njinga zawo n'kubalalika. Aphunzitsi anzanga awiri anali apabanja, ankathamangira kumadimba awo. Ine ndinkatsala ndi nyumba ya zipinda zitatu ndi wailesi yopanda mabatire, poti mabatire masiku amenewo ankasowa ngati sopo ndi mchere. Ndinkasesa mosesedwa kale. Kutchalitchi ankandikhazika kutsogolo pa benchi la antchito a boma, potuluka aliyense n'kundipatsa moni wa manja awiri, koma wonena kuti tiyeni mukaone pamene timakhala panalibe. Ndinasungulumwa, ndinene mosabisa, ndinasungulumwa mpaka ndinkayankhula ndi nkhuku za eni ake.

Munthu mmodzi yekha ndiye anaona zimenezi, ndipo ndi yemweyo amene ndinamutaya ndi pensulo yanga. Anali a Gidiyoni Mbewe a ku Zingalume, wophunzira wanga wamkulu pa onse, bambo wa zaka pafupifupi makumi anayi. Kwawo anali katswiri wofolera udzu, wochita kumuitanitsa midzi ya kutali. Nditawafunsa chimene anadzera kusukulu ndi imvi zoyamba kale, anati, "Udzu ukutha ulemu, aphunzitsi. Aliyense akagulitsa thonje akufuna malata. Ndikapanda kuphunzira, ana anga adzadya tsekera?"

Lamulungu lina masana ndinamva kukumba kuseri kwa nyumba. Ndinapeza a Mbewe atagwada pansi pa mango, akukumba timaenje ta nsolo ndi kamtengo, timiyala tili m'chipewa. "Munthu sakhala chete chonchi, aphunzitsi, mudzadwala. Khalani apo ndikudyeni." Anandidyadi, tsiku limenelo ndi Malamulungu onse otsatira. Ankabwera ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete, n'kumandiseka kuti dzanja langa limawerenga miyala ngati kalaliki. M'kalasi ndinali aphunzitsi, pansi pa mango ndinalinso aphunzitsi, koma apa ankalitchula akuseka. Sabata yonse ndinkangodikira masana amenewo.

Chaka chachiwiri mkulu wa sukulu, a Tembo, anabwera ndi nkhani yoti boma lavomera kuti timange nyumba yopaliramo matabwa, ophunzira amange okha ngati mbali ya maphunziro. Pulani anandipatsa ine kuti ndijambule. Kunena zoona mtima unadumpha. Ku koleji tinkajambula nyumba zothera m'kabati, koma iyi inali yoti idzaime, anthu n'kumaloza. Ndinakhomerera pepala pa bolodi, ndinasongola pensulo ndi lezala, sikweya ndi rula pambali, n'kujambula masabata awiri. Denga linali loti lidzafoleredwe ndi malata a asibesitosi, otuwa aja, olemera, ooneka ngati mwala. Pamwamba pa mitanda ikuluikulu ndinajambula mapalini, timitanda topingasa timene malata amagonapo, mizere isanu ndi iwiri mbali iliyonse, yotalikirana mita imodzi. Pa mndandanda wa matabwa ndinaonjezapo asanu ndi limodzi aataliatali oti tizidzawagoneka pamwamba pa malata munthu akamayendapo, chifukwa asibesitosi sapondedwa. Zimenezi ndinkazidziwa, ndinkaziphunzitsa ndekha Lachisanu.

Makoma anakwera bwino. Vuto linabwera ndi lole ya matabwa yochokera ku Chipata, imene inafika ndi katundu woperewera. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambique inkamveka kufupi ndi malire, madalaivala ankaopa msewu wathu, ndipo panalibe wodziwa kuti lole ina idzabwera liti. A Tembo anaima pa mulu wa matabwawo, manja kumbuyo. "Akuluakulu a chipani akubwera mwezi wamawa kudzatsegula nyumbayi. Mukufuna adzatsegule makoma? Inu ndinu a masamu, onani pochepetsa."

Ndinabwerera pa bolodi. Ndinawerengera kulemera kwa malata, mphepo ya mu Ogasiti, mvula ya mu Januwale, ndipo masamu anandiuza kuti mizere isanu ikwanira, itatalikirana mita ndi theka. Ndinatenga labala, ndinafufuta mizere iwiri mbali iliyonse, n'kuuzira tinyenyeswa pansi. Matabwa oyendapo aja tinawang'amba kuti akhale mafelemu a zitseko, poti sanali mbali ya nyumba yomalizidwa. Ndinagona mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu wopulumutsa ntchito. Masamu anga ananyamula malata, mphepo ndi mvula, koma munthu sanalowemo.

Lamulungu lotsatira ndinatulutsa pulaniyo pansi pa mango, kufuna kutamidwa basi. A Mbewe anapukuta manja pa buluku, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuika chala pakati pa mizere iwiri.

"Mbariro zatalikirana, aphunzitsi."

"Bwanji?"

"Ife kwathu timamanga mbariro zoti phazi likaphonya ina, lipeze inzake."

Ndinaseka, kalanga ine, ndinaseka. "A Mbewe, iyi si nkhokwe ayi. Awa ndi mapalini, ndipo ndawerengera."

"Ee, mwawerengera ndithu," anatero, n'kubwerera ku timiyala tawo.

Ndikanakulira ku Zemba ndikanadziwa kuti munthu wamkulu akamachenjeza wa udindo amanena kamodzi, motsitsa mawu, ndipo akavomera msanga chonchija sikuti wagonja, wangokupatsa ulemu wako. Ine ndinamva kuti ndapambana mtsutso. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera pa msana wa mwini wake.

Mitanda tinaikhomera pansi, n'kuikweza ndi zingwe ndi mitengo ya mphanda, anthu asanu ndi atatu mbali iliyonse. Poika malata tinali ndi nsanja mkati mwa nyumba, ndiye aliyense anali ndi popondapo. Lata lililonse tinkaliboola ndi choboolera chamanja pamwamba pa msana wake, n'kulowetsa bawuti yopinda ngati mbedza imene inkakola palini kunsi. Zonse zinayenda bwino, moti ndinayamba kuyenda modzitukumula. Chinatsala n'chimodzi: zophimba pamsonga pa denga, pamene mbali ziwiri zimakumana. Zimenezo zinachedwa, zinafika kutatsala tsiku limodzi kuti alendo abwere. Nsanja ya mkati tinali titaphwasula kale, pansi posalazidwa ndi simenti patasesedwa, mabenchi atandandalikidwa.

Linali Lachinayi la mu Okutobala, dzuwa loswa mtengo kuyambira m'mawa. Kumanganso nsanja kukanatenga masiku awiri. Matabwa oyendapo anali atasanduka mafelemu a zitseko. Njira inatsala imodzi, yoti munthu akwere pa makwerero, ayende pamwamba pa malata mpaka pamsonga. Ndinasonkhanitsa ophunzira n'kulankhula ngati Lachisanu. "Wokwera aponde pamene pali mabawuti pokha, chifukwa kunsi kwake ndi kumene kuli palini. Pakati osapondapo. Mwamva?" Onse anati tamva. Nditafunsa wokwera, maso onse anapita kwa a Mbewe. Nanga akanakweranso ndani, katswiri wa madenga alipo? Anavula nsapato zawo za matayala, anaziika bwinobwino patsinde pa makwerero, n'kusenza chophimba choyamba paphewa.

Muyenera kudziwa mmene wofolera udzu amayendera padenga. Sayang'ana kumapazi. Maso amakhala kutsogolo kumene akupita ndi mtolo, phazi ndilo limafufuza lokha. Udzu umabonyera pang'ono, chidendene n'kumva mbariro kunsi, ndipo ngati pali pofooka denga limayamba lalira, munthu n'kubweza mwendo. A Mbewe anayenda choncho zaka makumi awiri osagwapo. Asibesitosi sabonyera ndipo salira, amaoneka wolimba paliponse mpaka nthawi imene waswekayo.

Chophimba choyamba chinakhala, chachiwiri, chachitatu. Ndinkawaona akutambasula mwendo kuchoka pa mzere wina wa mabawuti kufika pa unzake, movutikira, chifukwa mita ndi theka si phazi la munthu wosenza katundu. Ndinaona, koma sindinanene kanthu. Kenaka a Tembo anandiitana kuti ndikaone ngati tebulo la alendo laima pabwino. Ndinatembenuka, ndinayenda mapazi mwina khumi.

Phwaa! Ngati mbale yadothi yagwa pamwala. Kenaka kunamveka chinthu cholemera chikufika pa simenti, basi kunangoti zii.

Nditalowa mkati ndinayamba kuona dzuwa likulowera pa chibowo cha padenga, kenaka a Mbewe ali chagada pakati pa mabenchi awiri, mwendo wamanja utapotokera kumene mwendo supotokera. Sanakuwe. Ankangopuma mofulumira, maso ali pa chibowocho. Mayo ine, ndinangoima chilili moti ophunzira anachita kundikankhira pambali. Anazula chitseko chimodzi chatsopano, anawagoneka pamenepo, amuna asanu ndi mmodzi n'kuwanyamula mpaka kukiliniki ya pa boma. Kumeneko anati nkhani iyi ndi ya ku Chipata. Galimoto inapezeka dzuwa litapendeka. Chiuno chinali chitasweka, ndi msana womwe unakhudzidwa.

Mawa lake mwambo unachitika monga munakonzedwera. Ndinakana kuti munthu wina akwere kukatseka chibowocho, ndiye anachibisa ndi chitenje chokhomera kunsi kwa mapalini. Azimayi anaimba, akuluakulu analankhula, ndipo mmodzi wa iwo anandiimiritsa pamaso pa anthu. "Mnyamata uyu wamanga nyumba yonseyi ndi matabwa ochepa. Awa ndiwo maphunziro amene dziko likufuna." Anthu anaomba m'manja. Ophunzira anga anaombanso, maso ali pansi.

Lolemba a Tembo anandipatsa lipoti la ngoziyo kuti ndisayine. Linali lalifupi: wophunzira anauzidwa poponda, ndipo sanatsate malangizo. Munalibe bodza ngakhale limodzi mmenemo. Ndinaliwerenga kawiri, ndinaganiza za ntchito yanga, za chipani, za amalume amene anandiphunzitsa movutikira. Ndinasayina. Patapita sabata ndinabwerera kukapempha kuti tilembenso, titchule za mizere ija. A Tembo sanakweze n'komwe mutu. "Pepala linapita kale ku Chipata. Musadzutse zogona, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo ophunzira anasiya kunditchula a Samalani. Anayamba kundilemekeza kwambiri, ulemu wozizira, woti ukalowa nkhani zimatha. Lachisanu ndinkaima kutsogolo ndi buku la zithunzi lija, n'kumangowerenga osakweza maso. Lamulungu masana ndinkakhala pakhonde kuyang'ana msewu, ndikudziwa bwino kuti sikubwera munthu. Kuchipatala ndinalephera kupitako. Ndinkati mayendedwe ndi ovuta, koma chenicheni anali mantha.

Ndinalimba mtima mu Januwale, nditamva kuti anawatulutsa. Ndinapalasa njinga kupita ku Zingalume, matope mpaka m'maondo, mwina kukwera mwina kukankha. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pamphasa, miyendo itatambasulidwa, ndodo ziwiri za mphanda zili pambali. Anali ataonda. Pabwalo panali mitolo ya udzu yowunjikidwa, yakuda kale ndi mvula. Wofolera amayamba nyumba za eni ake, yake n'kumalizira, ndiye chaka chimenecho anali atasungira yake tchuti cha sukulu. Denga la nyumba yawo linali lakale, lobonyera pakati, ndipo pakhomo ndinaona mabeseni awiri olandirira madzi.

Akazi awo, a Naphiri, anandibweretsera mpando, anagwada patali n'kundipatsa moni. Ndinafuna kukhala pamphasa, koma a Mbewe anakana. "Iyayi, aphunzitsi, pampando." Ananena osaseka. Tinafunsana za moyo, za mvula, za chimanga. Mawu amene ndinawakonza njira yonse anali pakamwa, koma iwo anandiyambirira.

"Aphunzitsi, pepani. Ndinakuswerani lata, chikhalirecho malata ndi osowa. Ndinakuchititsani manyazi alendo ali pafupi."

Ndinamva ngati andimenya khofi. "Ayi, a Mbewe, musatero! Wolakwa ndine. Mapalini anali asanu ndi awiri, ndinafufutapo awiri ndi dzanja langali. Matabwa oyendapo ndinachotsa ndine. Munandiuza inu pansi pa mango paja, ine osamva."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Inu munapita kusukulu. Munatiuza poponda. Phazi ndi langa."

"Koma munandichenjeza!"

"Aa, zija zinali nkhani za pa nsolo."

Ndinalimbikira, misozi ili m'maso, koma sanalole. Kwa iwo kuvomera kuti mphunzitsi walakwa, mlendo amene wakhala pampando pakhomo pawo, kunali kupanda mwambo, ndipo mwambo ndi chimene anatsala nacho. Ndinabwera kudzasenza mlandu wanga, iwo n'kundikaniza mwaulemu. A Naphiri anali chigwadire, nkhope atayang'ana kumbali. Anayankhula kamodzi kokha, motsitsa, ngati akuuza mitolo ya udzu ija.

"Nanga nyumba ino afolera ndani?"

Ndinanena kuti ndibwera ndi ophunzira Loweruka, a Mbewe n'kuti zikomo, musavutike, abale alipo. Ndinadziwa kuti pamenepo khomo latsekedwa. Potsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri ngati anthu a kutchalitchi aja. Kwathu mlendo amaperekezedwa, ngakhale kungofika naye pa mphambano. Iwo sakanatha kuimirira, ndipo a Naphiri anatola mpando n'kulowa nawo m'nyumba. Ndinakankha njinga ndekha kudutsa mudzi wonse.

Ku Chadiza ndinakhalako chaka china chimodzi. Matabwa atabwera tinamanganso nsanja mkati, n'kubwezeretsa mapalini awiri aja mbali iliyonse, ntchito ya masiku atatu chabe. Pambuyo pake anandisamutsira ku koleji yaikulu, kumene ndaphunzitsa ojambula mapulani mpaka kupuma ntchito. Buku la zipewa lija sindinalitsegulenso. Wophunzira akandibweretsera pulani, kaya yokongola bwanji, ndinkaika chala pamalo amodzi n'kufunsa: apa adzakwera ndani, adzaponda pati, atasenza chiyani, ndipo phazi likaphonya chidzamugwira n'chiyani? Nanga zaka khumi zikadzatha, wodzakonza podontha adzadzera kuti? Akalephera kuyankha ndinkamubweza, ngakhale masamu ake akhale olondola mpaka kadontho. Ndinkawauzanso kuti mmisiri akakuuza chinthu kamodzi, motsitsa mawu, uike pensulo pansi, chifukwa sadzabwerezanso. Ena ankadandaula kuti ndine wovuta, ndipo sindinkakana.

Ngozi ya pachimango simayambira pa makwerero. Imayambira pa tebulo, pamthunzi, pamene munthu wovala malaya oyera akufufuta mzere popanda womuona, ndipo tsiku la kugwa iyeyo amakhala ataima pansi. A Mbewe sanakwerenso denga lililonse, la udzu kaya la malata, ndipo setifiketi imene anadzera sanaitenge. Sitinaonanenso. Pepani wawo uja ndikadali naye mpaka lero, ndinasowa kokamubweza.